Mawondo Opweteka ndi Zitunda za ku Mandeya: Kabuku ka Njinga Yamagetsi

Mawu oyamba

Ku Mandeya kulibe ulendo wopanda chitunda. Wopita kuchigayo amakwera, wobwera kutchalitchi amatsetsereka, ndipo wopita kumsika wa ku Hauna amayamba waganiza za pobwerera asanatseke n'komwe chitseko. Chigwa cha Honde, mmene muli Mandeya, chazingidwa ndi mapiri, ndipo chapafupi pomwepa pali Nyangani, phiri lalitali kuposa onse m'Zimbabwe, la mamita 2,592. Mvula yambiri ndi mitunda imeneyi ndi zimene zinaitana tiyi ku Aberfoyle, ku Eastern Highlands ndi ku Katiyo, monganso ku Ratelshoek, ku Jersey ndi ku Southdown m'boma la Chipinge. Ntchito ya m'minda ndi imene inaitana makolo athu kuchoka ku Nyasaland ndi ku Mozambique, ena kudzera m'bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, ena pa malole a Ulere, ena wapansi kudzera ku Tete.

Amene anatha zaka ali chiimire pamalo otsetsereka, dengu la tiyi lili kumsana, ambiri lero akuyenda motsimphina. Amayi osenza mikoko ya nthochi kupita nayo kumsewu nawonso akudandaula mawondo ndi chiuno. Mwendo ukayamba kuvuta, munthu amachepetsa maulendo. Amasiya kupita kumunda wakutali, kenako kumaliro a mudzi wina, kenako kumapemphero, mpaka dziko lake lonse limatsala khonde ndi mpando.

Kabuku kano kalembedwa pofuna kuti zimenezi zisachitike msanga. Bondo lopweteka limafuna kuyendetsedwa tsiku ndi tsiku popanda kulisenzetsa katundu, ndipo njinga imachita zimenezo. Chimene chimalepheretsa achikulire kupalasa kuno ndi chitunda, ndiye njinga yamagetsi imabwera kudzathandiza pa chitundapo. Si mankhwala ochiza nyamakazi, ndipo si yotsika mtengo. Zonse ziwirizi tizinena poyera m'munsimu.

Zimene zikuchitika m'bondomo

Pamene mafupa awiri akumana, nsonga zake zimakutidwa ndi chicherewecherewe chosalala, chonga chija timatafuna pa fupa la nkhuku. Pakati pake pamakhala timadzi totelera. Ukalamba, kuvulala kwakale, kunenepa ndi ntchito yogwada kapena yonyamula zolemera zimaperepesa chicherewecherewe chija pang'onopang'ono. Bondo limayamba kuuma m'mawa, kulira likamapindidwa, ndi kupweteka potsika chitunda kuposa pokwera. Iyi ndi nyamakazi ya kutha kwa mfundo, imene achipatala amaitcha osteoarthritis. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu 528 miliyoni anali ndi vutoli, ndipo mwa iwo 365 miliyoni linawagwira m'bondo. Amayi ndi amene amachuluka.

Pali chinthu chimodzi chimene anthu ambiri sadziwa. Chicherewecherewe chilibe mitsempha ya magazi. Chimadya kuchokera m'timadzi tija, ndipo timadzito timalowa ndi kutuluka pokhapokha bondo likamapindika ndi kuwongoka. Munthu akangokhala poopa ululu, bondo limasowa chakudya chake, minofu ya pantchafu imafota, ndipo tsiku limene adzaimirire katundu yense amagwera pa mfundo yodwalayo popanda womuthandiza. N'chifukwa chake kugona kumapereka mpumulo wa lero koma kumawonjezera ululu wa mwezi wamawa.

Poyenda pansi, bondo limalandira mphamvu yoposa kulemera kwa thupi kawiri kapena katatu pa phazi lililonse limene mwaponda, ndipo potsetsereka imaposa apo. Panjinga thupi limakhala pa chishalo. Bondo limazungulira kambirimbiri koma silisenza munthu. Minofu ya pantchafu imalimba, mtima umagwira ntchito, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimatsika, ndipo thupi likapepuka bondo limapepukidwanso kwambiri.

Yambani mwaonana ndi achipatala

Si ululu uliwonse wa m'mfundo umene uli nyamakazi ya ukalamba. Musakwere njinga, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngati mfundo yatupa mwadzidzidzi, yatentha, ndipo thupi likutenthanso. Amenewo akhoza kukhala mafinya m'kati mwa mfundo, ndipo amawononga m'masiku ochepa. Pitaninso ngati mwagwa ndipo mwendo sukupondeka, ngati bondo limakakamira osawongoka kapena limagwa lokha mukamayenda, ngati zala za manja onse awiri zimatupa ndi kuuma kupitirira ola lathunthu m'mawa, kapena ngati ululu wa msana kaya chiuno ukubwera pamodzi ndi kuwonda ndi thukuta la usiku, pakuti TB imagwiranso mafupa. Chala chachikulu cha kuphazi chikatupa usiku umodzi n'kumapweteka ngati moto, nawonso ndi matenda ena okhala ndi mankhwala akeake.

Amene ali ndi vuto la mtima, amene amamva chizungulire kapena kukomoka, ndi amene maso achita chimbuuzi, ayambe afunsa anamwino ku kiliniki yapafupi kapena ku chipatala cha Hauna. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, amene anzathu Achishona amamutcha mbuya utano, angakuuzeni tsiku loyenera kupita.

Kunena za mapiritsi, ambiri amagula ibuprofen kapena diclofenac n'kumamwa miyezi osaima. Mankhwala amenewa amathandiza pa masiku ochepa, koma akamwedwa nthawi yaitali amakanda m'mimba, amalemetsa impso ndipo amakweza magazi. Musamwe mapiritsi n'cholinga chobisa ululu kuti mupalase mtunda wautali. Kuthowa bondo ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda musananyamuke kumalifewetsa ndipo kulibe choopsa. Kutema mphini pa bondo lotupa n'kutsegulira njira tizilombo.

Njinga yamagetsi ndi yotani

Ndi njinga yakapalasa yomwe ija, yokhala ndi mapedulo, tcheni ndi mabuleki, koma anaiwonjezera zinthu zitatu: batire, mota yaing'ono, ndi kabokosi ka pa handulo kosankhira mphamvu. Mukayamba kupalasa, mota imamva n'kuyamba kukankha nanu, ngati mdzukulu akukukankhani kumbuyo pa chitunda. Mukasiya kupalasa, nayo imasiya. Zambiri zopangidwa potsata lamulo la ku Ulaya zili ndi mota ya mawati 250, ndipo imasiya kuthandiza liwiro likafika makilomita 25 pa ola. Zina zili ndi chopotokola pa handulo chonga cha njinga yamoto, choti njinga iziyenda miyendo ili phee. Chopotokolacho ndi chabwino ponyamuka pamalo okwera, koma amene amayendera icho ulendo wonse bondo lake silipindulapo kanthu.

Ena amati njinga yotere ndi ya aulesi. Ofufuza amene anayeza kugunda kwa mtima kwa okwera njingazi anapeza kuti thupi limagwirabe ntchito yokwanira kulilimbitsa, ndipo anthu amakwera kawirikawiri ndi kupita kutali chifukwa saopa chitunda cha pobwerera. Kwa munthu wa bondo lodwala, phindu lalikulu ndi lakuti safunikanso kuimirira pa mapedulo n'kukankha ndi mphamvu zonse, zimene ndi zomwe zimapweteka bondo pa njinga wamba.

Musaisokoneze ndi Hamba. Hamba ndi njinga yamagetsi ya mawilo atatu imene kampani ya Mobility for Africa inayamba kuyendetsa ku Wedza mu 2019, makamaka pakati pa amayi a kumudzi, ndipo inafika ku Hauna ndi ku Chipinge. Imanyamula makilogalamu mazana angapo, ndipo batire lake amatchaja ndi dzuwa. Ntchito yake ndi yotamandika: mayi amene ankasenza nthochi kapena madzi pamutu amapulumutsa khosi, msana ndi mawondo. Koma Hamba sapalasa, munthu amangokhala n'kumawongolera. Imachotsa katundu pa bondo koma siiliyendetsa. Banja limene lingathe kulipira Hamba kuti inyamule zokolola, mwini bondo n'kumapalasa njinga yopanda katundu, lachita bwino mbali zonse ziwiri. Dziwaninso kuti njinga ya mawilo atatu yotere, kapena ya mawilo awiri yokhala ndi mota yamphamvu yosafuna kupalasa, ikhoza kuwerengedwa ngati njinga yamoto yofunika ziphaso. Funsani kupolisi kapena ku ofesi yoona za magalimoto ya VID musanapereke ndalama.

Posankha njinga

Choyamba muyang'ane felemu. Munthu wa chiuno chouma amavutika kuponya mwendo pamwamba pa mtanda kapena kumbuyo kwa chishalo, ndipo ambiri amagwa pokwera ndi potsika, njinga isanayende n'komwe. Sankhani yopanda mtanda, ija timati ya amayi. Abambo asachite nayo manyazi. Mwendo umangodutsa pakati, ndipo mukaima mapazi amafika pansi msanga.

Chachiwiri ndi magiya. Kuno njinga ya giya imodzi siyenera, ngakhale ikhale ndi mota. Pezani ya magiya asanu ndi awiri kapena kuposa, yokhala ndi giya yopepuka kwenikweni. Mota zilipo za mitundu iwiri. Ya pakati pa wilo ndi yotsikirapo mtengo ndipo siivuta kusamala, koma imatentha pa chitunda chachitali. Ya pakati pa mapedulo imadutsa m'magiya, choncho imakwera bwino mapiri, koma ndi yodula ndipo imatha tcheni msanga.

Chachitatu ndi mabuleki. Njinga yamagetsi imalemera makilogalamu oposa 20, kawirikawiri kufika 25, ndipo ikatsetsereka ndi munthu imathamanga. Mabuleki a chimbale, ogwira pakati pa wilo, amagwira bwino m'matope ndi m'mvula kuposa a labala ogwira m'mphepete mwa limu. Amene zala zake zili ndi nyamakazi ayese kufinya buleki asanagule. Ngati sangathe kuimitsa njinga ndi zala ziwiri kapena zitatu, njingayo si yake.

Matayala akhale otambalala, a mano. Handulo ikhale yokwera kuti msana uwongoke ndipo mikono isasenze thupi. Batire likhale lochotseka ndi kiyi, kuti muzilowa nalo m'nyumba. Pomaliza mufunse wogulitsa mafunso awiri: batire latsopano la njinga imeneyi limapezeka kuti, ndipo ndani angaikonze mota ikafa? Ngati yankho ndi lakuti mudzaitanitse kunja, ganizani kawiri. Matayala, tcheni ndi masipoko angakonze mmisiri aliyense wa njinga, koma zamagetsi mwina mudzayenera kupita nazo ku Mutare. Njinga yogula kwa munthu samalani nayo kwambiri, chifukwa batire lotha silioneka ndi maso. Ikwereni pa chitunda chenicheni kwa theka la ola muone mmene moto ukutsikira.

Kukweza chishalo

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndipo kukonza kwake sikulira ndalama. Chishalo chotsika kwambiri chimapinda bondo mopitirira ndipo chimapweteketsa kutsogolo kwake. Chokwera kwambiri chimakoka kuseri kwa bondo ndipo chiuno chimagwedezeka uku ndi uku.

Tsamiritsani njinga kukhoma, wina aigwire. Khalani pa chishalo, ikani chidendene pa pedulo imene ili pansi penipeni. Mwendo uwongoke wonse popanda kupendeka chiuno. Mukabweza phazi kuti muponde ndi kutsogolo kwake, monga mmene mumapalasira, bondo likhala lopindika pang'ono chabe. Pamenepo ndi poyenera. Ngati mukuopa kugwa, masiku oyamba tsitsani pang'ono kuti zala za kuphazi zizifika pansi, kenako muzikweza pang'onopang'ono mantha akamatha. Mukapeza malo ake lembani chizindikiro pa chitsulo cha chishalo, chifukwa ana akabwereka njinga amatsitsa. Popalasa, bondo liziloza kumene zala za phazi zikuloza, lisamalowe m'kati kapena kutayikira kunja. Valani nsapato yogwira phazi, osati patapata.

Masabata oyamba

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bondo limene lakhala zaka osagwira ntchito silingalandire ulendo wa ku Hauna tsiku loyamba.

Yambirani pamalo athyathyathya, monga bwalo la mpira la pasukulu ana ataweruka. Tsiku loyamba zimitsani mota, muphunzire kulemera kwa njinga, kuima ndi kukhota. Kenako yatsani pa mphamvu yotsikitsitsa. Dziwani kuti mota imakankha mukangoponda pedulo, ndiye poima gwirani buleki mpaka mutakonzeka, ndipo musayatse mphamvu yaikulu pokhota kapena pakati pa anthu.

Sabata yoyamba ndi yachiwiri palasani mphindi 10 zokha, katatu pa sabata, kusiya tsiku limodzi pakati. Kuyambira sabata yachitatu muziwonjezera mphindi 5 sabata iliyonse. Cholinga ndi kufika pa mphindi 30, masiku asanu pa sabata. Zikakwana ndi mphindi 150, zimene ndi zochepetsetsa zimene WHO imalangiza munthu wamkulu pa sabata. Wina adzafikapo m'miyezi iwiri, wina m'miyezi inayi, ndipo palibe mpikisano. Mphindi 30 zikhoza kugawidwa, 15 popita kumunda, 15 pobwerera.

Miyendo izizungulira mopepuka ndi mofulumirirapo, kuposa kamodzi pa sekondi iliyonse. Mukaona kuti mukukankha mwamphamvu ndipo miyendo ikuzungulira mochedwa, tsitsani giya kapena onjezani mphamvu ya mota. Muyeso wa mpweya ndi uwu: muzitha kulankhula ndi mnzanu, koma kuimba nyimbo kuzikuvutani. Ngati mukutha kuimba bwinobwino, mota ikukugwirirani ntchito yonse, ichepetseni. Ngati simukutha kumaliza chiganizo, mwapitirira.

Nanga ululu? Kuwawa pang'ono poyamba, kumene kumachepa bondo likatenthedwa, si koopsa. Kumva kutopa m'ntchafu madzulo ndi chizindikiro chakuti minofu yagwira ntchito. Koma ululu wobaya ngati singano ukabwera, imani. Ngati m'mawa mwake bondo latupa kapena likupweteka kuposa dzulo, ndiye kuti munachulutsa. Pumulani tsiku limodzi kapena awiri, muike nsalu yonyowa ndi madzi ozizira potupapo, kenako mubwerere pa theka la mphindi zija. Musasiyiretu. Kupweteka pachifuwa, befu wosatha kapena chizungulire ndi nkhani ina: tsikani panjinga, khalani pansi, ndipo akutengereni kuchipatala.

Njinga payokha siilimbitsa zonse. Kawiri pa sabata chitani izi pakhomo. Khalani pa mpando wolimba, imirirani osagwira ndi manja, khalaninso pang'onopang'ono, kakhumi. Kenako gonani chagada pamphasa, pindani bondo limodzi, mwendo winawo muuwongole n'kuukweza pang'ono, muwerenge kufika 5, muutsitse, kakhumi mwendo uliwonse. Opitirira zaka 65 awonjezere kuima ndi mwendo umodzi atagwira khoma, pakuti kugwa ndi mdani wamkulu wa msinkhu umenewo.

Pokwera ndi potsika

Sinthani giya chitunda chisanayambe, osati chitakugwirani kale. Khalani pa chishalo, musaimirire. Ikani mota pa mphamvu yaikulu, chifukwa pano ndi pamene munaigulira, ndipo mukafika pamwamba muibweze pansi. Pa chitunda chachitali mota ya pakati pa wilo ikayamba kufooka, imani mumthunzi izizire. Ngati chitunda chakukanikani, tsikani muikankhe. Njinga zambiri zili ndi batani loiyendetsa yokha pa liwiro la munthu woyenda pansi, kuti musalimbane ndi kulemera kwake.

Ngozi zambiri zili potsika. Mota siithandiza kuima. Yambani kugwira mabuleki pamwamba pomwe, onse awiri, mogwira ndi kutaya, chifukwa kuwafinya osasiya pa mtsetse wautali kumawatenthetsa mpaka amaleka kugwira. Musafinye ya kutsogolo yokha mwadzidzidzi. Chepetsani liwiro musanafike pokhota, osati muli pakati pake. Msewu wa tala wotsika kuchigwa ndi wokhotakhota, ndipo mumadutsa makombi ndi malole a nthochi ndi tiyi. Yendani kumanzere kwenikweni, valani chovala chowala, ndipo kukhale kuli belu, chifukwa njinga yamagetsi ilibe phokoso ndipo oyenda pansi saimva ikubwera. Chipewa cholimba choteteza mutu chisasowe. Mutu wa munthu wamkulu ukagunda pansi, magazi akhoza kudontha m'kati mwakachetechete kwa masiku, makamaka kwa amene amamwa aspirin tsiku ndi tsiku.

Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, dothi lofiira la kuno limaterera ngati therere. Tsiku lotere njinga ikhale m'nyumba, inu muchite zolimbitsa thupi za pampando zija. M'nkhungu yatsani nyali ngakhale masana. Musawoloke nayo mtsinje kapena chithaphwi chofika pakati pa wilo, pakuti madzi akalowa mu mota kapena mu batire zimawonongeka. Poitsuka pukutani ndi nsalu yonyowa, musaithire ndowa.

Pa keliyala musachulutse katundu miyezi yoyamba, ndipo musanyamule mdzukulu mpaka mutazolowera kuima ndi kutsika bwinobwino.

Batire

Batire ndi chiwalo chodula kuposa zonse pa njingayi, ndiponso ndi chokhacho chimene chingatenthe nyumba. Werengani gawo lino pamodzi ndi onse a pakhomo.

Pa batire pamalembedwa manambala awiri, monga 36V ndi 10Ah. Mukawachulukitsa mumapeza kuchuluka kwa moto umene limasunga, pano 360Wh. Wogulitsa akanena makilomita amene batire limayenda, kumbukirani kuti anayezera pamsewu wosalala. Pa zitunda za kuno, munthu wolemera, matayala osapopa bwino, mwina mupeza theka lake. Masiku oyamba yendani maulendo aafupi muone nokha, chifukwa kukankha njinga ya makilogalamu 25 pa chitunda moto utatha kungabweze m'mbuyo zonse zimene bondo linapindula.

Tchaja ya 2A imadzaza batire la 10Ah m'maola pafupifupi asanu. Amene ali ndi magetsi a ZESA azitchaja akangoyaka, osadikira kuti batire lithereretu. Amene amadalira dzuwa adziwe kuti kasola kotchajira foni ndi nyali sikangakwanitse. Pamafunika sola ya mawati 100 kapena kuposa, batire losungira moto, ndi inveta yabwino, ndipo masiku a mitambo, amene kuno ndi ambiri, kudzaza kungatenge masiku awiri. Ena zingawakomere kumatchaja pa sitolo yokhala ndi magetsi n'kulipirako pang'ono.

Gwiritsani ntchito tchaja yake yokha. Tchaja ina ngakhale ilowe bwino pabowo, ikhoza kupereka moto wosayenera. Tchajani masana muli maso, batire lili pa simenti kapena pa dothi, kutali ndi matiresi, palafini, nkhuni ndi udzu wa denga, ndiponso osati pakhomo lotulukira. Likadzaza zulani. Musatchaje batire lotentha limene mwangofika nalo, kapena lonyowa. Musalisiye padzuwa kapena pafupi ndi moto wa kukhitchini. Likatupa, likang'aluka, likayamba kununkha kapena kutentha kosagwirika, litulutseni panja pamalo opanda udzu ndipo musaligwiritsenso ntchito. Likagwira moto thawitsani anthu, chifukwa utsi wake ndi woopsa ndipo moto wake umayambiranso ukaoneka ngati wazima. Musalole mmisiri wa mawailesi kulitsegula n'kulumikiza mwamwayi. Lotha musaliponye m'chimbudzi, m'dzala kapena pamoto, mubweze kwa wogulitsa.

Batire losamalidwa limatchajidwa kokwana mazana angapo lisanayambe kufooka, zimene kwa ambiri ndi zaka zitatu kapena kuposerapo. Ngati njinga ikhala mwezi osayenda, lisungeni lili ndi moto wa pakatikati, pamalo ozizira. Ndipo kuyambira mwezi umene mwagula, muziika padera kandalama ka batire lotsatira.

Za ndalama

Njinga yamagetsi yodalirika imagulidwa ndi madola a ku America mazana angapo. Kwa munthu wodikira penshoni ya NSSA, kapena mlimi wa tiyi ndi nthochi wa munda waung'ono, imeneyi ndi ndalama yaikulu. Musagulitse munda, musatenge katapila chifukwa cha njinga. Ana amene ali ku Harare kapena ku Joni akafunsa chimene angakuchitireni, iyi ndi mphatso yoposa wailesi yakanema, malinga atagula yokhala ndi zipangizo zopezeka kuno. Mabanja awiri kapena atatu oyandikana, kaya gulu losonkherana ndalama la kumpingo, angathe kugula imodzi, pakuti munthu mmodzi amaifuna theka la ola lokha pa tsiku. Mugwirizane poyambirira za amene azisunga batire, amene azitchaja, ndi mmene muzisonkhera ikawonongeka.

Pali zipangizo zogulitsidwa pazokha, wilo yokhala ndi mota pamodzi ndi batire, zomangirira pa njinga imene muli nayo kale. Zimatsika mtengo, koma felemu ikhale yolimba ndipo mabuleki akhale abwino. Njinga yakale ya mabuleki a ndodo siyenera kuikidwa mota pa mitsetse ya ku Honde.

Ngati zonsezi sizitheka, bondo lisadikire. Njinga wamba ya magiya imachita ntchito yomweyo pamalo osakwera, monga m'mbali mwa dambo kapena kuzungulira bwalo la sukulu, ndipo pa chitunda mumatsika n'kukankha. Njinga zolimba zonyamulira katundu, monga Buffalo, ndi zabwino pa ntchito yake koma n'zolemera kwa bondo lodwala pamalo okwera. Amene sangathe n'komwe kudzichirikiza panjinga, mmisiri wowotcherera angawapangire chitsulo chokweza wilo ya kumbuyo kuti azipalasa njinga itaima pakhonde, akucheza ndi adzukulu. Kuyenda pansi pamalo osalala, ndodo ili m'dzanja la mbali yosapweteka, nakonso kumathandiza.

Kwa ana ndi adzukulu

Nthawi zambiri amene amatsekereza agogo pakhonde ndi ife, mwachikondi. Timati khalani pansi mwakalamba, titumeni ife. Pamene tikuwalanda ulendo uliwonse, tikuwalandanso mphamvu ya m'miyendo, pamodzi ndi anzawo amene akanakumana nawo panjira. Makolo athu ambiri kuno ali kutali ndi kwawo kwenikweni, ndipo abale awo ndi aja a kumpingo, a kumzikiti, a kubwalo la gule ndi anzawo a m'komboni yakale. Munthu akalephera kukafika kwa amenewo, amadwala kawiri.

Ngati pakhomo pabwera njinga yamagetsi yogulira mawondo a agogo, ikhale ya agogo. Anyamata asaisandutse ya kabaza kapena yopitira kumpira n'kuibweza usiku batire litatha, chishalo chitatsitsidwa. Ntchito yanu ndi kupopa matayala sabata iliyonse, kuthira mafuta pa tcheni, kuyesa mabuleki m'mawa, ndi kuyenda pambali pawo masiku oyamba mpaka mantha atachoka. Lembani pa kalendala mphindi zimene apalasa ndi mmene bondo ladzukira, ndipo pakatha mwezi mupite nayo kalendalayo kwa anamwino pamodzi ndi agogowo.